Mudzi Umene Ndinaumba Pachitseko Chanu

Amayi, kaya kukucha bwanji kumene muliko?

Ndine Dumingu, wachiwiri wanu. Ndayamba ndi dzina chifukwa inu simunkawerenga, ndiye sindikudziwa amene akuwerengereni kalatayi. Ngati ndi ababa, muwauze awerenge pang'onopang'ono, asadumphe mizere monga ankachitira ndi makalata a amalume. Muli nkhani imene ndikufuna muimve yonse, ngakhale ikuwawa.

Tonse tilipo. Fatima, chitsiriza wanu, anachira bwino kwa amuna ake ku Makhuwira. Ndi mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu. Ali ndi zala zazitali, zosakhazikika. Malita, mpongozi wanu, bondo lija likumuvutabe. Rute wathu watalika kundiposa. Mapira tinakolola pang'ono, mbalame zinatithandiza kukolola. Chitowe ndiye chinachita bwino. Mbuzi yanu yamawanga ija inapita ndi madzi, koma mwana wake alipo, waswa kawiri, ndipo ndi wakuba ngati make.

Za madzi mwina munazimva, popeza ena amene anapita nawo anakupezani kumeneko. Munali mutagona chaka chimodzi chokha pamene mtsinje unalowa m'mudzi mwathu muja kwa Mlolo. Madzi ataphwera tinapeza mchenga wokhawokha, wosalala ngati bwalo la mpira, pena wofika m'chiuno, pena pachifuwa. Nyumba, makola, tchalitchi, manda, zonse zili pansi pake. Zimene zinatsala zikuoneka ndi ziwiri: mutu wa mjigo ndi mgwalangwa uja wa kuseri kwa tchalitchi. Chitseko cha nyumba yanu ndinachipeza kumunsi chitakodwa m'bango. Ndinachizindikira ndi mphira za teyala zimene ndinakhomera ndekha m'malo mwa mahinjesi. Ndinachisenza mpaka kuno kumtunda kumene tikukhala tsopano, pamiyala. Kudambo timangotsikira kukalima.

Chaka chatha dzinja litatha, achimwene a Zuze anabwera kuchokera ku esiteti ya nzimbe kumene amayendetsa thirakitala. Anati nthawi yakwana yokumangirani chiliza. Tinatsikira kudambo, ife ndi okalamba anayi amene analipo pokuikani. Tinaima pamchenga paja, mapazi akupsa. Aliyense ankaloza kwake. A Tchale, aneba anu aja a khola lalikulu, analoza kumadzulo. Akazi awo anati, “Inu mukuloza kuchigayo.” Tinazungulira mpaka dzuwa linafika paliwombo. A Zuze anatopa, anaponda pansi n'kunena kuti, “Basi, timange pompano. Mchenga ndi umodzi.”

Ine ndinakana. Ndinapempha miyezi iwiri.

Mukukumbukira mmene munkandikalipira chifukwa cha magalimoto a waya ndi tinyumba ta mapesi. Munkati, “Dumingu, anzako akukula, iwe uli pa ntchito yochepetsa zinthu.” Sindinasiye, Amayi, ngakhale imvi zamera. Sukulu ndinalekera sitandade 6, koma zaka zitatu zimene ndinanyamula ndodo ya anthu oyeza malo ku esiteti zinandiphunzitsa chinthu chimodzi. Mu ofesi mwawo munali bokosi lagalasi, m'kati mwake muli minda yonse ya nzimbe, ngalande ndi fakitale yomwe, zonse zazing'onozing'ono. Mkulu wina woyeza atandipeza ndikusuzumira anandiuza kuti nkhani yake ndi sikelo. Usankhe kanthu kakang'ono kaimire chinthu chachikulu, ndipo usasinthe mpaka umalize. Ukatero, chaching'onocho sichinama.

Ndiye ndinaganiza motere. Okalamba athu papepala sangaloze, pamchenga asokera. Koma ataona mudzi wawo ndi maso, khola lili apo, njira ili apo, mtengo wa masau uli apo, akumbukira pamene tinakugonekani.

Ndinagoneka chitseko chanu pa njerwa zinayi m'chisakasa kuseri kwa nyumba. Sikelo yanga inali iyi: kamtengo kamodzi ka machesi kaimire mapazi anga makumi awiri. Ndikati phazi ndikunena kuponda kumodzi, monga ndimayendera masiku onse. Ndinakhuthula mabokosi atatu a machesi kuti ndipeze timitengo tolingana ndendende, n'kudula mitu yake ndi lezala. Ndinapotanso chingwe cha mapazi makumi awiri. Chingwe chimodzi kudambo, kamtengo kamodzi pachitseko. Ndinatsika kasanu kukayeza kuchokera pamjigo kufika pamgwalangwa, ndipo kasanu konse ndinapeza zingwe makumi awiri.

Zina zonse zinali m'mutu mwanga. Mukudziwa matenda anga owerenga mapazi. Munkati, “Iwe ukanatha bwenzi ukuwerenga ndi udzudzu womwe.” Kuchoka pakhomo panu kufika pamjigo, kuchoka pamjigo kufika pakhola la a Tchale, kuchoka pakhola kufika pamtengo wa masau, zonsezo ndinaziyenda zaka zambiri ndikuwerenga. Njira imodzi yokha ndiyo ndinalibe, ya kumanda. Tsiku lokuikani ndinayamba kuwerenga titanyamula bokosi, koma ndinatayira pa makumi atatu. Pambuyo pake, kumanda sitipitako wamba.

Dongo ndinakumba lakuda lija la m'mbali mwa dambo, lonona, limene inu munkaumbira mitsuko. Ndinalinyika masiku atatu, ndinachotsa timiyala ndi mizu ndi zala, ndinasinja mapale pang'ono n'kusakaniza monga munkachitira kuti lisang'ambike. Pachitseko ndinayamba ndayala pepala la pulasitiki, kuopa kuti chinyezi chingaoletse thabwa lanu. Kenako ndinayala dongo lochindikala zala ziwiri, kuyambira m'mphepete mpaka m'mphepete, n'kusalaza ndi kansungwi. Likadali lauwisi choncho ndinayeza ndi timitengo tija. Pamjigo ndinabaya munga, pamgwalangwa munga, pakati pake timitengo makumi awiri. Pamene padzakhale nyumba iliyonse ndinabayanso munga. Njira ndinazilemba ndi sipoko ya njinga yonola. Nditatha ndinafunditsa masaka onyowa kuti liume pang'onopang'ono mumthunzi. M'mawa uliwonse ndinkawaza madzi pamasakapo. Linatenga masabata atatu, ndipo silinang'ambike ngakhale pamodzi. Ndinanyada kwambiri. Ndinati ndine mwana wa woumba.

Dongo likuuma, ine ndinali pa nyumba. Pasikelo imeneyo nyumba yanu imakula ngati mtedza umodzi. Ndinkasenda phesi la mapira, n'kudula zofewa za m'kati zija ndi lezala watsopano, chifukwa wobuntha amafinya m'malo modula. Madenga a udzu ndinapanga ndi ndevu za chimanga zouma. A malata ndinapanga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ndikulemba mizere ndi singano. Zala zanga ndi zazikulu, ndiye ndinapinda kachidutswa ka chitini kukhala kopanira. Zomatira ndinaphika phala la ufa wa chinangwa n'kudonthezamo palafini kuti mphemvu zisadye mudzi kachiwiri. Mitengo ndinapota ndi waya wa m'mota yopsa, masamba ake siponji ya matiresi akale yonyika mu penti. Mgwalangwa wokha ndinaupanga katatu, chifukwa weniweniwo uli ndi mimba pakati ndipo ndinkafuna anthu auzindikire. Khola la a Tchale linanditengera minga makumi anayi.

Malita ankaima pakhomo la chisakasa n'kumati, “Bambo a Rute, mbuzi zili m'munda mwa eni, inu muli pa khola la nyerere.” Ndinkangoti ndikubwera.

Dongo litauma ndinavundukula masaka. Ndinaona kuti m'mphepete monse mwatsala mpata, chitseko chikuoneka, kwina zala ziwiri, kwina zinayi. Amayi, ndinakondwa. Ndinali nditaiwala kusiya malo a mtsinje, ndiye ndinati malo aja ndi awa. Mbali imodzi ndinamata jumbo yabuluu, n'kubzala tiudzu m'mbali mwake ngati bango. Mbali zinazo ndinathira mchenga. Zinakongola. Muisunge nkhani ya mpatayi, ndibwererako.

Tsiku loitana okalamba aja ndinasesa m'chisakasa kawiri. Analowa akuseka, koma ataona anasendera pafupi. Akazi a Tchale anawerama, analoza kanyumba kena n'kunena motsitsa, “Khitchini yanga.” Analira pang'ono. Kenako anayamba kundikonza. “Nkhokwe yathu sinali kumanzere.” “Chimbudzi cha tchalitchi wachiiwala.” A Tchale anafunsa chifukwa chimene khola lawo lilibe ng'ombe. Zonse ndinakonza pomwepo. Pambuyo pake ndinawatulutsa panja, n'kumalowetsa mmodzimmodzi, aliyense ndi singano m'manja, kuti wina asaone pamene mnzake wabaya. Aliyense ankayendetsa chala m'njira, kudutsa khola, kukhota pamasau, kupitirira, n'kubaya. Anthu anayi amene pamchenga analoza kunayi, pachitseko anabaya malo amodzi. Chikhadabo changa chinaphimba mabowo onse anayi.

Ndinakoka ulusi kuchoka pamjigo kufika pasingano. Timitengo makumi awiri ndi tisanu ndi tiwiri. Ndinachita chimodzimodzi kuchoka pamgwalangwa. Ndinabwereza katatu, ndinalemba m'kope. Tinatsikira kudambo ndi makasu ndi mafosholo, ndinatambasula chingwe kuchoka uku ndi uku, ndipo pamene miyezo iwiriyo inakumana ndinakhoma chikhomo.

Tsiku lachiwiri khasu la a Zuze linagunda phale. Analipukuta ndi malaya. Pamlomo pake panali zikhadabo zanu zitatu zija, chizindikiro chimene munkadinda pa mbiya iliyonse. Onse anakumbukira kuti pokuikani tinaswa mtsuko wanu waukulu pamtumbira, monga timachitira ndi woumba. Azimayi anayambitsa nyimbo. A Zuze anandigwira paphewa, anthu onse akuona, n'kunena kuti, “Injiniya wathu uyu. Machesi okha, wapeza amayi.”

Apa ndiye poyambira kulakwa kwanga kwenikweni, ndipo sindikubisirani. Ndinaona kuti mapale achuluka. Ndinaona kuti si a mtsuko umodzi, ena ndi a nkhali, ena a mphika. Ndinaona kuti ndi akuda, opserera, ndipo dothi lake lili ndi phulusa. Mtanda wachitsulo umene ndinakusulirani ndi zitsulo za bedi panalibe. Nditafunsa, a Tchale anati madzi amene anagwetsa tchalitchi sangalephere mtanda. Mtima wanga unakana. Koma chibadwire a Zuze anali asanandigwirepo paphewa pagulu. Munthu wa zidole uja tsiku limenelo anali injiniya. Ndinatseka pakamwa.

Chiliza chinamangidwa, chachitali kuti mchenga wina usadzachikwirire. Dzina lanu ndinalemba ndine pasimenti yaiwisi, ndi sipoko yomwe ija. Abusa anabwera, anapemphera, tinavundukula, anthu anadya. Zikanathera pamenepo, bwenzi kulakwako kuli kwa banja lathu lokha. Koma mabanja ena asanu ndi limodzi anabwera kudzayeza kuchokera pachiliza chanu. Wina ankati, “Bambo athu anali mapazi asanu kumutu kwa mayi aja.” Wina, “Mwana wanga anali kumiyendo kwawo.” Ndinawagwirira chingwe ine ndemwe. Anazika mitanda yawo, anatchinga mpanda wa minga kuzungulira. Malo a kunja kwa mpanda akuluakulu a mudzi anawamasula kuti anthu alime, popeza poyamba aliyense ankaopa kuponyapo khasu. Chigawo cha kuseri kwa mpanda chinagwera a Tchale. Anabzala mbatata.

Fatima sanaone chitsekocho nthawi yonseyi, anali kutali, kenako anatopa ndi pakati. Mwezi watha anabwera kudzationetsa mwana. Atapuma ndinamutengera kuchisakasa kuti aone ntchito imene anthu akuitama. Mukudziwa kuti mwa ife atatu ndi iye yekha amene anakhala pambali panu mukuumba. Anayang'ana nyumba, anaseka khola, anapeza pakhomo panu. Kenako anayendetsa chala m'mphepete mwa dongo, mmene layambira jumbo yabuluu. Anachiyendetsa kawiri.

“Achimwene,” anatero, “mtsinje uwu munausiyira malo, kapena unabwera wokha?”

Ndinati malo anangopezeka.

“Dongo munaliyala mpaka pati?”

“Mpaka m'mphepete.”

“Nanga poyeza nyumbazi linali lauwisi kapena louma?”

Mwana anayamba kulira kumsana, iye anangomugwedeza osachotsa maso pa ine. Ndipo ndinakumvani inu, Amayi, mutakhala pansi pa mtengo wa masau, mikono ili dongo lokhalokha, mukuuza Fatima ali kamtsikana: “Ukafuna mtsuko wa ndowa imodzi, umba woposa ndowa. Dzuwa nalo limatengapo gawo lake.” Mawu amenewo ndinawamva kambirimbiri ndikupinda waya pambali panu. Ndinkayesa ndi nkhani ya akazi ndi mitsuko yawo.

Ndinatenga timitengo. Ndinandandalika kuchoka pamjigo kufika pamgwalangwa, pamene ndinaika makumi awiri dongo lili lauwisi. Tinakwana khumi ndi tisanu ndi titatu. Tiwiri tinatsala m'manja mwanga. Pa timitengo khumi tilitonse, dzuwa linadya kamodzi. Mudzi wonse unafupika pamodzi, nyumba ndi njira zomwe, n'chifukwa chake diso silinaone kanthu. Okalamba aja analoza zoona. Chitseko sichinaname. Ndine amene ndinayeza dongo louma ndi sikelo ya dongo lauwisi. Pamene ndinawerenga makumi awiri ndi tisanu ndi tiwiri panayenera kukhala makumi atatu. Zingwe zitatu. Mapazi makumi asanu ndi limodzi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kusamala kwanga ndiko kunandipha. Ndikanapanda kuyala pulasitiki, dongo likanagwira thabwa n'kung'ambika, ndipo ndikanadziwa kuti layenda. Ndikanapanda kusinjira mapale, ndikanapanda kuwaza madzi m'mawa uliwonse, likanasweka n'kundichenjeza. Ndinalilera bwino kuti lindinamize bwino. Munthu woyeza kasanu mtunda umodzi kudambo, kulephera kuyeza kachiwiri pachitseko chimene chili kuseri kwa nyumba yake.

Fatima anati, “Ndiye mapale aja?”

Tonse awiri tinadziwa. Kupitirira masau, panjira ya kumanda, kutali ndi madenga a udzu, ndi pamene munkawotchera mbiya zanu. Zosweka pamoto munkazisiya pomwepo. Malo amenewo sindinawaike pachitseko, ndinaona ngati si nyumba, si khola. Amayi, chiliza chanu chaima padzala lanu la mapale. Mabanja asanu ndi limodzi akhala akuthira maluwa paphulusa.

M'mawa mwake ndinatsika ndekha ndi chingwe ndi ndodo yachitsulo yopangira konkire. Ndinayezanso ndi nambala zokonza. Zinanditengera kunja kwa mpanda, pakati penipeni pa mizere ya a Tchale. Eni munda kunalibe. Ndinazika ndodo mumchenga kasanu ndi kanayi, inkangolowa. Kachikhumi inalira. Ndinagwada mumkwasa, ndinakumba ndi manja mpaka mkono wonse unalowa. Ndinagwira chitsulo chopendekeka. Ndinayendetsa zala, ndinapeza timabowo timene ndinaboola ndi msomali polemba dzina lanu. Ndinakhala choncho nthawi ndithu, tsaya lili pamasamba a mbatata, dzanja lili kwa inu. Kaya munamva. Kenako ndinakwirira, ndinakonza mzere kuti asadziwe, ngati wakuba.

Lamlungu lotsatira ndinapalasa njinga kupita ku esiteti. Ndinapeza a Zuze pakhonde akutsuka nsapato za ntchito. Ndinafotokoza zonse, timitengo ndinali nato m'thumba, ndinatiyala pasimenti. Anamvetsera osasiya kutsuka.

“Wauza ndani?”

“Fatima yekha.”

“Zithere pomwepo.”

“Achimwene, amayi ali m'munda wa mbatata.”

“Amayi ali kumwamba. Abusa ananena, iwe unalipo.” Anakhuthula madzi m'beseni. “Ukufuna ndikaime pamaso pa mabanja asanu ndi limodzi, ndikawauze kuti chaka chonse akhala akulirira mapale? Akazi amasiye aja? A Tchale azule mbewu, mudzi uyambenso kuopa dambo lonse? Anthu agona tulo chifukwa cha mpanda uja, iwe ukufuna uwadzutse.”

Ndinati mtanda ndaugwira ndi dzanja langa.

“Nkhabe, ayi. Wagwira chitsulo. Mumchenga muja muli njinga, muli mabedi, muli makasu. Pulani yako inatha, fayilo tinatseka. Unalakwitsa kamodzi ndi machesi ako, usalakwitsenso kachiwiri ndi pakamwa. Chitseko chija ukachiphwanye, usonkhere moto.”

Anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanandigwire paphewa.

Ndiye mukuona mmene zilili, Amayi. Nditanama mosadziwa, anandikhulupirira onse, mpaka nyimbo. Lero ndili ndi choona m'manja, mwana wanu woyamba akuti ndi njinga. Iye chimene ankafuna si inu. Ankafuna simenti yoima poti anthu aone kuti ana a mayi aja anakumbukira. Ananena yekha tsiku loyamba lija kuti mchenga ndi umodzi, ine ndinangomuchedwetsa miyezi iwiri. Sindikunena kuti alibe mfundo. Ndikakumbukira mayi uja amene anazika kamtanda ka mwana wake, ine nditagwira chingwe, sindidziwa kuti ndidzamuuza bwanji. Koma mwana wakeyo nayenso ali pansi pa mizere. Khasu likumudutsa pamwamba m'mawa uliwonse, make akupalira malo opanda munthu.

Masabata atatu ndinakhala chete. Chitseko sindinaphwanye, ndinangochifunditsa masaka. Malita sindinamuuze. Ndinkati mawa, mawa. Kutchalitchi chathu cha kumtunda kuno anthu akanditchula injiniya ndinkayankha. Mukuona mwana amene munabala.

Dzana masana akazi a Tchale anakwera kuno atasenza beseni. Anatula pakhomo, thukuta lili chuchuchu. Mbatata, zofiira, zina zazikulu ngati mkono wa mwana.

“Takhuta, zikomo kwambiri, a Dumingu,” anatero. “Pakanapanda mudzi wanu wa pachitseko uja, dimba limeneli tikanaliopa mpaka lero. Izi ndi zoyamba, tati mulawe ndinu. Zazikuluzi zachokera pakati pa munda. Pamenepo ndiye zachita kunenepa, kaya pali chiyani.”

Ndinathokoza. Ndinawomba m'manja, Amayi, n'kuthokoza.

Malita anaphika zina pomwepo. Anandipatsa yanga m'mbale, yaikulu koposa zonse, itang'ambika ndi kupsa. Ndinakhala nayo pamwendo mpaka inazizira. Iye anadya, Rute anadya. Atafunsa ngati ndikudwala, ndinadikira Rute apite kumjigo, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira pa jumbo yabuluu. Anaika pansi chidutswa chimene chinali m'manja.

“Ndiye munadikira kuti timeze?”

Ananyamula beseni lonse, anakaliika m'chisakasa pansi pa chitseko chanu. Pobwera anati, “Chitseko chimenecho musaphwanye. Ndipo musandiuzenso kuti mawa.”

A Tchale amaliza kukumba sabata ino. Akamaliza akufuna kubzalanso chinyezi chisanathe. Ndiye nthawi yanga ndi Lamlungu likudzali. Ndabwereka ngolo ya bulu, chifukwa panjinga dongo lingasweke. Ndayala udzu m'ngolomo ndipo nyumba zimene zinagwedera ndazimatanso. Malo anu owotchera mbiya ndawaikapo tsopano, kadontho ka phulusa lenileni. Mapemphero akatha ndidzatsitsa chitseko pabwalo la tchalitchi, ndidzapereka timitengo makumi awiri kwa a Tchale kuti ayale okha kuchoka pamjigo kufika pamgwalangwa. Tiwiri tikawatsalira m'manja, ndidzanena zonse, ndi za kutseka pakamwa kwanga zomwe. Fatima wati abwera, adzanena za dongo, popeza iye amukhulupirira. A Zuze ndawatumizira mawu. Sanayankhe.

Ndikuopa, Amayi. Ndikuopa mayi wa kamtanda uja kuposa a Zuze. Mwina atithamangitsa. Mwina anena kuti mpanda ukhale pomwe uli, akufa azolowera. Pa za anthu ena sindingalamule. Koma Lolemba m'mawa, kaya ndi gulu kaya ndi Malita yekha, ndidzatsika ndi fosholo, ndidzakumba mpaka mtanda wanu uone dzuwa, ndidzauwongola, ndipo ndidzauzika pamwamba pomwepo. Khasu silidutsanso pa inu. Limeneli ndiye lonjezo langa, ndipo ulendo uno ndayeza kawiri, dongo litauma.

Mupereke moni kwa ababa. Muwauze kuti iwo ali mapazi anayi kudzanja lanu lamanja, ndiye ndikapeza inu ndawapeza.

Ndine mwana wanu wokukondani, wochepetsa zinthu uja,

Dumingu